Pamene Msewu wa Che Yassin Unakhotera

A Jeremiya anafika ku Kasungu pa lole ya mwini esiteti, atapanikizana ndi mabanja ena ochokera ku Phalombe, aliyense atakumbatira kamtolo kake. Anabwera ndi akazi awo a Fainala ndi mwana mmodzi, Elube, amene nthawi imeneyo anali akuyamwa. Munthu amene anakawatenga kumudzi anawauza kuti ku Kasungu malo ndi ambiri, ndipo ukalima fodya nyengo ziwiri umabwerera kwanu ndi malata. Malo analidi ambiri. Malatawo sanawaone.

Esitetiyo inali kuseri kwa Chamama. Anawapatsa kanyumba kaudzu pamzere wa matenanti, makasu, kheni yothirira ndi phoso la chimanga. Ntchito ya fodya wa bale anaiphunzira monga anzawo onse, kuyambira pa nazale mpaka kusoka ndi kupachika m'chigafa. Koma kapitawo anawaona msanga kuti mphamvu zawo zili pena. Chaka ndi chaka esiteti inkaswa mphanje, ndipo mitengo ikagwetsedwa pankafunika anthu ozula zitsa kuti thirakitala idutse. A Jeremiya anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosalankhulalankhula. Akalowa m'dzenje la chitsa sankatulukamo chitsacho chisanagwe. Kuyambira pamenepo, mphanje ikamatsegulidwa, kapitawo ankayamba kuitana iwo.

Mwini esiteti atamwalira, ana ake a m'tauni sanafune za fodya. Anagulitsa mathirakitala, anasasula malata a ofesi, kenako anayamba kugulitsa malo zigawozigawo. Matenanti ambiri anabwerera kwawo. A Jeremiya sanapite. Ku Phalombe kamunda ka kwawo kwa a Fainala abale anali atagawana kale, komanso Elube anali atakwatiwa ndi mnyamata wa konkuno woyendetsa kabaza. Makolo a mkamwiniyo anawabwereka kamalo kumapeto kwa mudzi, kongokwanira nyumba ndi khola la nkhuku.

Zaka za makuponi a feteleza zitayamba, a Jeremiya sanalandirepo. Analibe munda, ndipo m'mudzimo ankawerengedwabe ngati alendo ngakhale kuti imvi zinawamerera momwemo. Sankadandaula pagulu. Makuponiwo ankawafika mwa njira ina. Munthu akapeza thumba la feteleza ankafuna kukuza munda, ndipo kuti akuze munda ankafunika wozula zitsa. Choncho chilimwe chilichonse a Jeremiya ankayenda munda ndi munda atanyamula piki, khasu ndi nkhwangwa, a Fainala akutsatira ndi fosholo. Mwamuna ankakumba, mkazi ankakwirira maenje ndi kutolera mizu youma kuti ikakhale nkhuni. Mmera ukamabiriwira m'minda imeneyo iwo anali atapita kale.

Chaka chimene ndikunenachi, a mashopu ena analoledwa kugulitsa feteleza wa makuponi. Mmodzi mwa iwo anali Che Yassin, amene anali ndi shopu pa Chamama, momwe munkapezeka mchere, sopo, mbewu ndi zipangizo za njinga. Iwo anagula chigawo cha nkhalango ya esiteti yakale ija ndi kuyamba kumangapo nyumba yosungiramo katundu. Anati ikatha imeneyo adzamanganso yawo yogona. Njerwa ankaumba pomwepo, simenti inkabwera pa ngolo mokhotakhota pakati pa zitsa. Koma lole ya feteleza sikanadutsa pamene ngolo inkadutsa. Ootcha makala anali atamaliza kale mitengo, nasiya zitsa zofika m'mawondo, zina zitaphukanso. Kuchokera kumsewu waukulu kufika pamalowo panafunika msewu, ndipo unafunika mvula isanagwe.

Che Yassin anabwera okha pa njinga yamoto kudzawapeza a Jeremiya. Anagwirizana mosavuta. Mawa lake anakhoma zikhomo ndi kukoka chingwe, chowongoka kuyambira kumsewu mpaka pakhomo la nyumba yatsopanoyo. Che Yassin anati sakufuna moto pa zitsazo ngati kungatheke, chifukwa chitsa chootcha chimasiya mizu pansi, mizuyo n'kuola, gudumu la lole n'kudzatitimira. A Jeremiya anavomera ndi mutu. Zimenezo ankazidziwa.

Unali mwezi wa Okutobala. Dothi la kuno nthawi imeneyo limauma ngati njerwa, piki ikagunda imanjanja ndipo ululu wake umafika m'zigongono. A Jeremiya ankayamba mbalame zikungodzuka. Ankakumba mozungulira chitsa, patali pang'ono, mpaka mizu yam'mbali ionekere. Ankaipala dothi ndi manja kuti nkhwangwa isabunthe pa timiyala, kenako n'kuidula umodzi umodzi. Ikatha yam'mbaliyo ankalowa pansi kufuna muzu wapakati, umene umapita chamunsi. Pamenepo munthu amadula atagwada, nkhwangwa ikuyenda chopendeka, dothi likugwera m'khosi. Chitsa chikayamba kugwedezeka ankalowetsa mtengo wautali pansi pake, n'kuutsamira ndi thupi lonse mpaka chitagona. Mombo ndi chitimbe sizinkawavuta kwambiri. Zina zinkadya tsiku lathunthu.

Anali atakula tsopano, ndipo thupi linkawauza. Kale ankatuluka m'dzenje ndi kulumpha. Tsopano ankayamba waika mawondo m'mphepete, n'kukhala kaye pamenepo akupuma. Masana a Fainala ankabwera ndi thobwa m'chigubu ndi mbatata zophika, ndipo ankadyera pamthunzi wa khoma la Che Yassin chifukwa mtengo wamthunzi panalibe. Sankacheza zambiri. A Jeremiya ankati mpini wa piki wayamba kung'aluka, a Fainala ankati nkhuku ina yasowa. Akatha kudya mkazi ankatenga fosholo kukwirira maenje a dzulo, akumapondaponda ndi zidendene kuti dothi lilimbe.

Ntchito itafika cha pakati, chingwe chinkadutsa pafupi ndi chulu chachikulu chimene theka lake oumba njerwa anali atagumula. M'mbali mwa chulucho munali chitsa cha msuku, chophuka timphukira tofiira, ndipo chinali pakati penipeni pa njira. Tsiku limenelo a Fainala anafika ndi chigubu chawo monga mwa masiku onse. Anaima, anayang'ana chulu, anayang'ana kumene kunali mzere wa nyumba za matenanti kale, kumene tsopano kunali munda wa munthu. Anayenda mpaka pa chitsa cha msuku chija, anaimanso. Kenako anatula chigubu pansi, anati mutu ukuwawawa, n'kubwerera kunyumba fosholo osaigwira.

Mawa lake sanabwere. Mkuja wakenso ayi. Maenje anatsala yasa, ndipo a Jeremiya anayenera kumakwirira okha dzuwa litapendeka, manja atatupa kale. Anafika kunyumba atakwiya. Anapeza a Fainala akusenda nandolo pakhonde, osaoneka ngati odwala. Anawafunsa ngati mutu uja unali usanasiye, ndipo ngati sunasiye bwanji osapita kuchipatala. Anawakumbutsa kuti mitambo yayamba kusonkhana ndipo Che Yassin sangadikire. A Fainala anapitiriza kusenda mpaka nandolo wa m'manja atatha.

"Bambo a Elube, pa msuku paja musakumbe."

A Jeremiya anafunsa chifukwa chake.

"Ndi pamene tinaika mwana uja."

Chaka chawo chachitatu pa esiteti a Fainala anabereka mwana amene sanalire. Inali nthawi yothyola fodya, a Jeremiya anali m'chigafa. Amayi awiri achikulire a pamzere wa matenanti anabwera kudzawauza kuti zalephereka, koma mayi ali bwino. Mtayo saulira maliro, ndipo amuna sapitako. Amayi okhaokha ananyamula kamtoloko kulowa nako m'nkhalango, nabwerako osalankhula. A Jeremiya sanafunse kuti ndi pati, ndipo palibe amene anawauza. Patapita masiku ochepa a Fainala anabwerera kukasoka fodya. Sanatengenso pathupi. M'zaka zonsezo nkhaniyo sinatchulidwe m'nyumba mwawo.

A Jeremiya anafunsa kuti akudziwa bwanji, popeza nkhalango yonse inali itasintha ndipo a Fainalawo patsikulo anali chigonere. A Fainala anati mmodzi wa amayi aja anawaonetsa pambuyo pake, akukatola nkhuni. Anati chulu sichisamuka, ndipo msuku unali umodzi wokha pambali pake. Anaonjezera kuti mwanayo anali wamwamuna. Chimenechi a Jeremiya anali asanamvepo. Anakhala pansi, n'kuyamba kuchotsa dothi m'zikhadabo ndi kachitsotso. Atakhalitsa anadzuka kukasamba.

M'mawa analumpha chitsa cha msuku n'kupitiriza ndi za kutsogolo. Sanadziwe chimene akanawauza Che Yassin. Malo anali a eni ake, anagula, ndipo iwo anali munthu waganyu, mlendo, wogona pamalo obwereka. Che Yassin atabwera kudzaona ntchito anafunsa za chitsa chotsalacho. A Jeremiya anati achibwerera, akufuna kaye asinthe mpini. Ulendo wachiwiri anati dothi la pafupi ndi chulu ndi lolimba, akudikira kamvula koyamba. Ulendo wachitatu Che Yassin anazimitsa njinga, anatsika, n'kuima m'mphepete mwa dzenje. Nawonso ankaoneka otopa. Amisiri anali akuchedwa ndi denga, ndipo kushopu anthu ankabwera tsiku lililonse kudzafunsa kuti feteleza afika liti. Ananena kuti ngati chitsacho chawakanika anene, apeze anyamata achizule lero lomwe.

A Jeremiya anatuluka m'dzenje, anavula chipewa. Anafotokoza mwachidule, maso ali pansi. Sanapemphe kanthu. Anangonena kuti iwo ndi manja awo sangathe, ndipo ngati abwana abweretsa anyamata, awauziretu tsiku kuti iwo asadzakhalepo.

Che Yassin anatembenuka kuyang'ana chitsacho. Anati amene anawagulitsa malowo sanatchule zimenezo. A Jeremiya anati ogulitsawo sakanadziwa, zinali za matenanti. Che Yassin anayenda mpaka pa chulu, anayang'ana uku ndi uku. Kumanzere kunali malire ndi munda wa munthu wina amene anali atakangana naye kale. Kumanja kunali malo awo, koma kunali zitsa za muwanga, zazikulu, zoyandikana, zimene ootcha makala omwe anazisiya zazitali chifukwa zinawabunthitsira nkhwangwa. Anapukuta nkhope ndi mpango.

"Akulu, ine sindingayendetse lole pamwamba pa mwana wa munthu. Mukhotetse msewuwo. Koma lole ikubwera sabata yamawa, ndipo ine ndilibe anthu ena oti ndikupatseni. Mutha?"

"Ndiyesa, bwana."

Anazula zikhomo ndi kukokanso chingwe, chokhota kuzungulira chulu cha kumanja. Zitsa zina zimene a Jeremiya anali atazula kale zinatsala kunja kwa njira yatsopanoyo, ntchito yake yangopita pachabe.

Mawa lake a Fainala anabwera ndi fosholo.  Anaona chingwe chokhota, n'kuyamba kukwirira.

Muwanga ndi mtengo umene chiswe chimaulephera. Nkhwangwa ikagunda muzu wake imalira ngati yagunda chitsulo, ndipo chimene chimadumpha ndi kachibanthu kakang'ono. A Jeremiya ankanola nkhwangwa kangapo dzuwa lisanafike pamutu. Mpini wa piki unathyoka, anasema wina pomwepo. Matuza anatuluka m'manja mmene munali zipsera zakalekale, anaphulika, a Fainala n'kung'amba chitenje chakutha kuwamangira. Mizu ya zitsazo inali yolukanalukana pansi, kotero kuti kudula ya chimodzi sikunkachimasula, chinzake chinkachigwirabe. Anakumba dzenje limodzi lalikulu lozungulira zonse, lakuya mpaka m'chifuwa. Momwemo mphepo siinkafika. Nthawi zina ankasiya nkhwangwa ndi kutsamira khoma la dzenje maso atatseka, ndipo a Fainala ankadikira ndi madzi osawafulumiza.

Mkamwini wawo anabwera madzulo ena atatsiriza kunyamula anthu, koma miyendo yake inali itathera pa njinga, ndipo nkhwangwa sankaidziwa. Anathandiza kukoka zitsa zozulidwa kuzichotsa m'njira. Kum'mawa mphezi zinayamba kuoneka. Kunja kunkatentha kopanda kamphepo, nyerere zikutuluka m'mauna.

Chitsa chomaliza chinali chachikulu kuposa zonse. Atadula mizu yonse imene ankaiona, chinagwedezeka koma sichinagwe. A Jeremiya analowetsa mtengo wawo pansi pake, anaika mwala wotsamiritsa, n'kukanikiza. A Fainala anagwira nawo kumapeto. Chitsa chinadzuka pang'ono. Anakanikizanso, ndipo pamenepo china chake chinalira m'chiuno mwa a Jeremiya. Sanakuwe. Anangousiya mtengo, anagwada, kenako anagona cham'mbali m'dothi lofiira. Anati miyendo akuimva koma sangawongoke.

A Fainala anathamangira kwa amisiri a denga. Anabwera awiri, anawatulutsa m'dzenje atawagoneka pa chitseko chimene chinali chisanaikidwe. Amisiri omwewo, pamodzi ndi mkamwini, anamaliza kugwetsa chitsacho madzulo ake. Chinali chitatsala pa kamuzu kamodzi kosakula kuposa mkono. Dzenje lalikulu lija a Fainala anakwirira okha, masiku awiri, akuthiramo zidutswa za njerwa zimene ankatuta pamutu kuchokera ku uvuni.

Lole inabwera mvula yoyamba itagwa kale. A Jeremiya sanaione, anali chigonere kunyumba. Anamva kwa mkamwini kuti dalaivala anatukwana pofika pokhota paja, akufunsa kuti ndi munthu wanji amakhotetsa msewu pamalo opanda phiri kapena mtsinje. Gudumu lakumbuyo linatitimira pamene panali dzenje la muwanga, ndipo anthu anatsitsa matumba ambiri pomwepo kuti lole ituluke, n'kuwanyamula pamsana kukafika nawo m'nyumba. Che Yassin anaima pamvula akuyang'anira. Sabata imeneyo pa Chamama panali mizere ya anthu ogwira makuponi m'manja kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Kuchipatala a Jeremiya anapatsidwa mapiritsi ndi kuuzidwa kuti asanyamulenso zolemera. Anagona dzinja lonse. Chimanga chitayamba kucha anayamba kuyenda ndi ndodo, atapindika cha kutsogolo, ndipo mpaka lero amayenda choncho. Piki anapatsa mkamwini kuti agulitse.

Chaka chotsatira kunamveka kuti a mashopu sagulitsanso feteleza wa makuponi. Nyumba ya Che Yassin yosungiramo katundu inakhala yopanda kanthu. Anayesa kugula soya ndi mtedza n'kumasungiramo, koma sizinawayendere, ndipo patapita nthawi anasamutsa shopu yawo kupita ku Kasungu Boma. Nyumba yogona ija inathera pa maziko. Asanasamuke anabwera kwa a Jeremiya, anakhala pa mpando wa ndalema, anafunsa za msana. Kenako ananena kuti akufuna munthu wokhala pamalo paja kuti anthu asasasule malata, ndipo ngati a Fainala angafune kulima kuseri kwake alime. A Jeremiya anayang'ana akazi awo. A Fainala anati amva, ndipo adzasamuka akakolola nandolo wa pakhomo.

Akukhala komweko mpaka pano. Anatchinga ngodya imodzi ya nyumba yaikuluyo ndi mphasa kuti ikhale chipinda, kwinako kumagona nkhuku ndi mileme. Pamsewu uja lole siinadutsenso. Udzu unamera, timitengo tinaphuka m'mbali, ndipo chatsala ndi kanjira ka mapazi ndi njinga, kamene nakonso kamakhota pa chulu. A Fainala amadutsapo popita kumjigo ndi pobwera. Saima. Kuseri kwa nyumba amalima mtedza ndi mbatata, mbewu zosafuna feteleza.

Anthu ena amene sanamve amabwerabe kudzafuna a Jeremiya ozula zitsa. Chilimwe chathachi kunabwera mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, amene anagula malo cha ku Lukwa. A Jeremiya anamulandira, anamufunsa kuti zitsazo ndi za mitengo yanji, zinadulidwa liti, dothi lake ndi lamchenga kapena katondo. Anamvetsera mayankho onse mosamala. Pomaliza anamuuza kuti apeze anyamata, awapatse chakudya chokwanira, ndipo asawafulumize. Mphunzitsi uja anafunsa ngati iwo sangapite kukangoyang'anira chabe, adzawatumizira kabaza. A Jeremiya anati njinga imawagwedeza msana.

Mlendo atapita, analowa m'nyumba n'kugona chagada pa simenti, chifukwa kuzizira kwake kumawapepuza m'chiuno. Panja a Fainala anali akusenda mtedza. Anafunsa ngati awabweretsere madzi, iwo anati pang'ono, apume kaye.